Funsani Amakaniko: Mvula ikalowa pa boneti

Dzinja lafika, ndipo makalata ochokera m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, akudandaula za chinthu chimodzi: madzi m'chipinda cha injini. Tasankhapo anayi.

Amakaniko, ndili ndi Hilux ya dizilo ya 2010, ija ili ndi chibowo chonga mphuno pa boneti. Imagona panja. Mvula ikagwa usiku, m'mawa ndimapeza madzi pa kachirediyeta kali pamwamba pa injini. Anzanga akuti ndimate chibowocho ndi tepi mpaka dzinja lithe. Nditero?
*Mlimi wa mpunga, Lifuwu, Salima*

Musamate, bambo. Mphunoyo sanaiikire kukongoletsa. Chili pansi pakecho ndi intercooler, ndipo ntchito yake ndi kuziziritsa mpweya wochokera ku turbo usanalowe m'injini. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, pa chitunda ndi katundu umapitirira madigiri 100, ndipo wotenthawo suwotcha bwino dizilo. Mukamata tepi, kuchoka ku Lifuwu kufika pa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, simudzaona kusintha chifukwa ndi pachidikha. Dikirani mudzayambe zitunda za msewu wa M14 matumba a mpunga ali kumbuyo: galimoto idzafooka, dizilo n'kumatha ngati thanki yabooka.

Madzi mukuwaonawo ali kunja chabe. Mpweya wa injini umayenda m'timapaipi totsekeka ta aluminiyamu, mvula imangotsetsereka pa timasamba takunja n'kugwera pansi. Chipinda cha injini sichinapangidwe kuti chizikhala chouma. Kunsi n'kotsegula, kutsogolo kuli girilo, ndipo mukamathamanga mumvula madzi olowera kumeneko ndi ambiri kuposa olowera pamphunopo. N'chifukwa chake molumikizira mawaya muli timalabala totchinga madzi, bokosi la mafyuzi lili ndi chivindikiro, ndipo injini ikafika pa madigiri 85 mpaka 95 zonse zimauma zokha.

Choti muziyang'ana ndi labala amene amagwirizanitsa boneti ndi intercooler. Akang'ambika, mphepo imathawira m'mbali osadutsa m'timasamba, madzinso amayenda mosalondoleka n'kukakhala pa mabawuti ndi ma glow plug (mapulagi otenthetsa injini ya dizilo poliza), dzimbiri n'kuyamba. Timasambato tizitsukidwa ndi madzi a m'ndowa kapena paipi yofatsa, osati makina a presha, chifukwa timapindika msanga. Kuno kunyanja timadzaza ndi ngumbi ndi nkhungu, ndipo zimenezi zimatseka mphepo kuposa mvula. Ngati galimoto imakhala masiku osayenda, iyendetseni mphindi 20 kawiri pa sabata kuti itenthe n'kuumitsa chinyezi.

Ndimayendetsa Sienta pakati pa Nkhotakota boma ndi Dwangwa. Mu Okutobala inkatentha kwambiri, ndiye wowotcherera wina anandiboolera mabowo awiri pakati pa boneti n'kuikapo sefa. Tsopano mvula ikagwa usiku, m'mawa injini imanjenjemera, imachita misi, nyali ya check engine n'kumaphethira. Pakatha mphindi 15 zimasiya. Chavuta n'chiyani?
*Dalaivala, Nkhotakota*

Achimwene, pano ndiye pali nkhani, ndipo ikusiyana ndi ya bambo a ku Lifuwu. Chibowo cha ku fakitale anachiwerengera kumene madzi akagwere. Anu mabowo ali pamwamba penipeni pa makoyilo, amene amapereka moto ku mapulagi. Mukamayenda mphepo ndi kutentha zimathamangitsa madzi, koma usiku galimoto ili chiimire, injini yazizira, mvula ya ku Nkhotakota ikutsika mpaka mbandakucha. Madziwo amadontha pa chivindikiro cha injini, amatsata koyilo, n'kukakhazikika m'dzenje mmene muli pulagi. Dzenjelo ndi lakuya ndipo lilibe potulukira. Koyilo imatulutsa mavoti oposa 20,000, ndipo magetsi amasankha njira yapafupi: m'malo mothetheka kunsonga kwa pulagi, amadumphira m'madzi kupita ku chitsulo cha injini. Silinda imeneyo siyaka, ndiyo misi mukunenayo, n'chifukwa chake kunjenjemera. Injini ikatentha madzi amasanduka nthunzi, misi n'kutha, inu n'kumati zadzikonza zokha.

Sizinadzikonze. Tsiku lililonse moto wodumphawo umajambula kamzere kakuda pa labala wa koyilo ndi pa choyera cha pulagi. Kamzereko kakakhazikika, misi imabwera ngakhale kunja kuli dzuwa. Komanso check engine ikamaphethira, osati kungoyaka, ikutanthauza kuti petulo wosapsa akupita mu ekizozi ndipo akuwotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Musamanyamule anthu ili choncho.

Injini ikazizira, chotsani chivindikiro cha pulasitiki. Koyilo iliyonse yagwidwa ndi bawuti imodzi ya sipanala 10. Zulani waya, masulani bawuti, kokani koyilo, muunike m'dzenjemo ndi tochi. Mukaona madzi, musathamangire kumasula pulagi, chifukwa madziwo pamodzi ndi mchenga adzagwera m'silinda. Yambani mwawapopa ndi kompresa, kapena pampu ya njinga ngati muli kutali ndi galaja, kenaka pukutani ndi nsanza yoyera yokulunga pa kamtengo. Mukatero masulani pulagi ndi soketi ya 16. Ya dzimbiri kapena ya kamzere kakuda itayeni, ndipo sinthani zonse zinayi pamodzi. Labala wa koyilo wong'aluka kapena wouma gwa nayenso ngwotaya. Pobwezera, pakani girizi wa silikoni pang'ono m'kamwa mwa labalayo, osati girizi wamba wa mabering'i amene amafufumitsa labala. Mukapeza oyilo m'dzenjemo m'malo mwa madzi, imeneyo ndi gasiketi ya chivindikiro cha mavavu, mvula ilibe mlandu.

Musalole kugulitsidwa makoyilo anayi musanayeze. Makina a dayaginosisi amasonyeza P0301 mpaka P0304, ndipo nambala yomalizayo ndi silinda yovutayo. Sinthanitsani koyilo yake ndi ya silinda ina, mufufute nambala, muyendeko. Vuto likasamuka nayo, koyiloyo yafa. Likakhala pomwepo, yang'anani pulagi kapena injekita.

Tsopano mabowowo. Chabwino koposa ndi kuwatseka, kapena kupeza boneti ina kwa ogulitsa zipangizo zakale. Ngati mwawakonda, aikireni thireyi kunsi. Dulani lata kapena aluminiyamu wa milimita imodzi, wopitirira bowo ndi masentimita 3 mbali zonse, mupinde milomo yake kuti isunge madzi, mupachike masentimita 2 kapena 3 pansi pa bowo kuti kutentha kuzitulukirabe m'mbali. Thireyiyo ipendekeke, ndipo kotsikako muike kapaipi ka mamilimita 10 kotsikira pansi, kutali ndi ekizozi, lamba ndi alitaneta. Musanaboole poimangira, ikani chibulumwa cha dongo pamwamba pa injini, mutseke boneti, mutsegule, muyeze mmene chaphwatalalira. Pakhale mpata wa masentimita 2, poti injini imagwedezeka ikamakoka. M'mphepete mmene anadulamo palani ndi fayilo, pakani red oxide, mankhwala oletsa dzimbiri, ndi penti, apo ayi pofika Epulo dzimbiri lidzakhala litayamba kutukumula penti. Onaninso ngati sanadule nthiti za kunsi kwa boneti, chifukwa boneti yodulidwa nthiti imapepheluka pa liwiro.

Koma tinene mosabisa: kuboola boneti sikuchiza kutentha. Galimoto zimenezi zimayenda bwino pa dzuwa la Okutobala boneti ili yathunthu. Ikamatentha pali chifukwa: rediyeta yatsekeka ndi madzi a pamjigo, fani sikuzungulira, themositati yakakamira, chitsekero cha rediyeta sichikusunganso presha, kapena mwaipachika anthu ndi matumba kuposa msinkhu wake. Mvula ikadzatha, kutenthako kudzabweranso ndi mabowo omwewo.

Galimoto yanga ilibe bowo lililonse pa boneti, koma mvula ikagwa kapeti ya mbali ya kumanzere imanyowa, mukununkha chuku, magalasi amachita nthunzi. Imagona pansi pa mtengo wa mango. Madziwa akudzera kuti?
*Mphunzitsi, Senga Bay*

Mayi, mabowo alipo, kungoti simunawaganizire. Pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo, pamene pamachokera mawaipa, pali pulasitiki yakuda ya timabowo. Pansi pake pali ngalande yolandira madzi onse otsika pagalasi, ndipo imawatayira kumbuyo kwa matayala akutsogolo. M'ngalande momwemo muli khomo limene fani ya m'kati imakokera mpweya. Masamba ndi maluwa a mango akawolerana ndi fumbi amatseka potulukira, madzi amakwera, n'kusefukira pakhomolo mpaka kumapazi a wokwera.

Yesani motere: thirani malita awiri a madzi m'munsi mwa galasi mbali iliyonse. Atuluke pansi nthawi yomweyo. Akachedwa kapena kungodontha, chotsani mikono ya mawaipa, mutayamba mwaika chizindikiro pagalasi pamene imakhala, zulani timapini ta pulasitiki, kokololani zinyalala ndi dzanja, mutokose potulukira ndi waya wofewa. Sefa ya mpweya wa m'kati, imene kawirikawiri imakhala kuseri kwa kabokosi ka pa dashibodi, ikhala itanyowa, isintheni. Kapeti musangoipukuta pamwamba. Pansi pake pali thonje lochindikala limene limasunga madzi kwa masabata, choncho itukuleni, thonjelo liyanikidwe padzuwa. Musachedwe nazo, chifukwa m'galimoto zambiri mbali imeneyo ndi kumene kuli kompyuta ya injini kapena molumikizira mawaya ambiri, ndipo zikachita dzimbiri lobiriwira mtengo wake ndi wina.

Madziwo akakhala a mtundu wapinki kapena wobiriwira, oterera, onunkhira motsekemera, ndiye kuti hita ya m'kati yabooka. Akamabwera mutayatsa eyakoni kopanda mvula, ndi kapaipi kake kotayira madzi katsekeka. Mthunzi wa mangowo usiyireni chilimwe.

Ndinachotsa bokosi la air cleaner n'kuika sefa yotsegula ija yosongoka kuti galimoto izilira bwino, ndipo ndikufuna kuboola boneti pamwamba pake. Akuti mvula ikhoza kunokesa injini. N'zoona?
*Mnyamata wa pa Kamuzu Road, Salima*

Mvula yokha sikawirikawiri kunokesa injini, koma inu mukuitsegulira chitseko. Bokosi munachotsalo linali ndi ntchito: khomo lake limabisika pamalo okwera, mpweya umakhota usanafike pa sefa, madontho amagwera pansi n'kutulukira pa kabowo. Sefa yotsegula pansi pa bowo idzamwa madzi usiku wonse. Mukaliza m'mawa, madonthowo amamenya sensa yoyeza mpweya, ya MAF, imene ili ndi kawaya kotentha kopyapyala ngati tsitsi. Kompyuta imalandira bodza, galimoto imatsamwa, imazima pa mphambano. Sensayo imatsukidwa ndi mankhwala ake okha opopera, osaikhudza ndi chala kapena nsanza. Bwezerani bokosi lija. Pa fumbi la misewu yathu sefa ya pepala imatetezanso injini kuposa yosongokayo.

Madzi opha injini ndi omezedwa ambiri nthawi imodzi, ndipo zimachitika powoloka. Tengani injini ya malita 1.5 ya masilinda anayi, ngati 1NZ ya mu Sienta ndi Probox. Pisitoni ikafika pamwamba, malo otsala ndi pafupifupi mamililita 40, osakwana bwino masupuni atatu aakulu. Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Akalowa opitirira pamenepo pisitoni imagunda ngati pamwala, koni rodi, ndodo imene imagwira pisitoni, imapindika, nthawi zina imaboola buloko. Oyenda msewu wa M5 amadziwa mmene mitsinje ya Linthipe, Kaombe, Bua ndi Dwangwa imachitira mu Febuluwale ndi Malichi. Galimoto yaing'ono isalowe m'madzi opitirira pakati pa tayala. Madzi othamanga a masentimita 30 amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale pikapu. Ngati ndi odikha ndipo mwaona ena ofanana nanu akuwoloka, lowani ndi giya wani, pang'onopang'ono osaima, mutadikira kuti lole yochokera kutsogolo ithe kudutsa, chifukwa funde lake ndi limene limakwera pa boneti. Mukatuluka pondani mabuleki kangapo kuti aume.

Ikazima m'madzi, chotsani dzanja pa kiyi. Kuliza kachiwiri ndi kumene kumamaliza injini zambiri, ndipo kukankha kuti ilire ndi chimodzimodzi. Ikokedwe ili pa nyutulo. Pamtunda chotsani waya wa negetivu pa batire, mutsegule air cleaner. Sefa ikakhala yonyowa, khuthulani mapaipi onse a mpweya, ndi intercooler yomwe ngati ilipo. Chotsani mapulagi onse, kapena ma glow plug ngati ndi ya dizilo, muzungulitse injini ndi sipanala pa pule kaye. Ikazungulira osakakamira, zulani mawaya a makoyilo ndi fyuzi ya pampu ya mafuta, mubwezere batire, mulize sitata masekondi asanu kangapo kuti ilavule madzi. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, musinthe pamodzi ndi fyuluta yake, muyende makilomita ochepa, musinthenso. Yang'ananinso oyilo wa giyabokosi ndi wa difu, poti nazo zili ndi popumira pamene madzi amalowera. Ikadzalira koma n'kumagogoda kapena kunjenjemera, izimitseni mukayezetse kompureshoni: silinda imodzi yotsika kuposa zinzake ndiye kuti rodi yapindika, ndipo injiniyo iyenera kutsegulidwa isanayendenso.