Tikusamukira ku Cyprus ndi bambo a kunyumba omwe ndi msilikali: ndalama tiziyendetse bwanji?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana awiri, onse anabadwira ku Zomba. Bambo a kunyumba ali m'gulu la asilikali a dziko la Britain ndipo pano tikukhala ku Catterick, ku England. Atiuza kuti gulu lawo likupita ku Episkopi, pa chilumba cha Cyprus, kwa zaka ziwiri ndipo ife tipita nawo. Akuti kumeneko kuli ndalama yapamwamba pa malipiro. Kumudzi amva kale, moti apongozi akufuna tiwamalizire nyumba. Ine ndimaluka tsitsi komanso kusoka, ndipo sindikufuna kusiya. Tikufunanso kukaona kumudzi ngakhale kamodzi. Tiyambire pati?

Yankho: Mayi, yambirani pa ndalama yapamwambayo, chifukwa ndi imene imasokoneza mabanja ambiri. Dzina lake ndi Local Overseas Allowance, ndipo asilikali amangoti LOA. Si kukwezedwa malipiro ayi. Boma la Britain limayerekeza mtengo wa moyo ku Cyprus ndi mtengo wa moyo ku UK, n'kupereka ndalama yokwirira kusiyanako. Sadulapo msonkho, koma kuchuluka kwake kumatengera kukula kwa banja, amaiunikanso nthawi ndi nthawi, ndipo imatha kutsika muli komweko. Tsiku lomwe mwachoka pachilumbapo imatheratu. Choncho musalonjeze apongozi, kapena kutenga ngongole ya galimoto, mukudalira LOA. Lonjezo lililonse lopitirira miyezi itatu liyenera kukwanira m'malipiro enieni a mapaundi. Bambowo akapemphe kwa kalaliki wa za malipiro wa gulu lawo mlingo wa LOA wa banja la anthu anayi, ndipo malamulo onse a maalawansi ali m'buku lotchedwa JSP 752. Muwerenge nonse awiri, osati bambo okha.

Ndalama yoyamba kuipatula si ya nyumba ya kumudzi, ndi ya mapepala anu. Viza ya mkazi wa msilikali ndi ya zaka zisanu, ndipo nthawi imene mwakhala kunja motsatira bambo pa ntchito imawerengedwa ngati munali ku UK. Zaka zisanu zikakwana mumapempha chilolezo chokhazikika ku UK, chija amati Indefinite Leave to Remain. Mu 2025 mtengo wake unali £3,029 pa munthu mmodzi, mwana ndi wamkulu chimodzimodzi. Inu ndi ana awiri ndiye kuti £9,087, ndipo mtengowu umakwera pafupipafupi. Mukaigawa pa miyezi 24 ikubwera £379 pa mwezi. Tsegulani akaunti yosungira yapadera ku banki ya ku UK, muike lamulo loti £380 kapena £400 izichoka yokha tsiku lotsatira malipiro. Musatenge khadi la akaunti imeneyi. Viza ikatha mulibe ndalamayi, mumalipira kuwonjezera viza, kenako mudzalipirabe chilolezo chokhazikikacho. A Army Families Federation ali ndi nthambi yoona za mabanja ochokera m'mayiko a Commonwealth, ndipo amalangiza mwaulere. Alembereni musananyamuke kuti akuuzeni tsiku lenileni loyenera kupempha ndi mtengo wa nthawiyo.

Tsopano za tsiku ndi tsiku. Malipiro amabwera m'mapaundi, koma ku Episkopi, ku Limassol ndi ku Paphos mumagula ndi mayuro. Makadi ambiri a mabanki a ku UK amadula pafupifupi 3 peresenti pa chilichonse chogulidwa ndi ndalama yakunja. Banja logwiritsa ntchito €1,000 pa mwezi limataya €30 osaona, ndipo pa zaka ziwiri ndi €720, ndalama yokwanira malata angapo a nyumba ya apongozi ija. Njira zilipo ziwiri: khadi losadula ndalama yakunja, kapena kutsegula akaunti ya mayuro n'kupempha ofesi ya malipiro kuti gawo la malipiro lizigwera m'menemo. Makina a m'sitolo kapena a ATM akakufunsani ngati mukufuna kulipira m'mapaundi kapena m'mayuro, sankhani mayuro nthawi zonse. Mukasankha mapaundi, mtengo wosinthira amauika ndi eni makinawo, ndipo sukomera inu.

Akaunti ya ku UK musatseke. Isinthireni ku adiresi ya BFPO, positi ya asilikali a Britain. Ya Episkopi ndi BFPO 53, ndipo ili ndi nambala ya positi yoyamba ndi BF1 yomwe makompyuta a mabanki amaizindikira. Izi zimateteza mbiri yanu ya ngongole kuti mukadzabwerera musadzaoneke ngati munthu wongofika kumene. Ngati galimoto yanu ili pa ngongole, simungaikweze sitima popanda chilolezo cholembedwa cha obwereketsawo. Ambiri zimawayendera bwino kuigulitsa n'kukagula yogwiritsidwa kale ntchito kwa banja lomwe likuchoka. Ku Cyprus amayendetsa kumanzere ngati ku Malawi ndi ku UK, ndipo mapulagi a magetsi ndi omwewo a mano atatu, choncho makina anu osokera akagwira ntchito popanda chosinthira. Chimene chimadabwitsa anthu ndi magetsi. Mu Julaye ndi Ogasiti kumatentha kwambiri, m'kati mwa chilumba monga ku Nicosia kumafika madigiri 40, ndipo makina oziziritsa m'nyumba amadya ndalama. M'nyengo yozizira nyumba zake zimazizira kuposa mmene mungaganizire. Ikani ndalama ya magetsi yofanana mwezi uliwonse kuti miyezi yovutayo isakudzidzimutseni. Ana akaphunzira m'masukulu a unduna wa za chitetezo omwe ali mumsasamo, opanda fizi, koma yunifolomu ndi maulendo a sukulu ndi zanu.

Pali ndalama ziwiri zimene amayi ambiri amazisiya pansi chifukwa chosauzidwa. Yoyamba ndi Child Benefit, ndalama ya boma la UK yothandizira kulera ana. Msilikali amene watumizidwa kunja amapitiriza kulandira. M'chaka cha 2025/26 inali £26.05 pa sabata pa mwana woyamba ndi £17.25 pa wachiwiri, kutanthauza £43.30 pa sabata. Alembetse ndi bambowo, chifukwa viza yanu sikulolani kupempha thandizo la boma m'dzina lanu. Yachiwiri ndi ya ukalamba wanu. Penshoni ya boma ya ku UK imafuna zaka 10 za National Insurance, ndalama imene ogwira ntchito amapereka ku boma, kuti mulandireko kanthu, ndi zaka 35 kuti mulandire yonse. Mkazi amene watsatira msilikali kunja amawerengeredwa mwaulere zaka zimene wakhala kunjako akadzaza fomu ya MODCA1, yomwe imasainidwa ndi mkulu woona za umoyo wa mabanja m'gululo. Fomuyi ili ndi malire a nthawi, ndiye muidzaze musanapakire katundu wobwerera.

Za bizinesi yanu, ndikukulimbikitsani ndi mtima wonse kuti musasiye. Ntchito zolembedwa za akazi a asilikali ku Cyprus n'zochepa, ndipo mayi amene wakhala zaka ziwiri wopanda ndalama yakeyake amavutika kuyambanso. M'magulu a asilikali a Britain muli mabanja ambiri ochokera ku Ghana, ku Fiji, ku Gambia ndi ku Caribbean, ndipo oluka tsitsi odziwa ntchito amasowa. Koma nyumba ndi ya boma, ndipo dera la msasalo lili ndi ulamuliro wake wosiyana ndi boma la Cyprus. Musanalandire kasitomala woyamba, lembani kalata yopempha chilolezo chochitira bizinesi pakhomo kudzera ku ofesi ya umoyo wa mabanja, ndipo mufunse komweko kumene msonkho wanu uyenera kupita. Gulani inshulansi yoteteza makasitomala, chifukwa mankhwala a tsitsi akaotcha munthu mlandu ndi wanu. Zinthu ziwiri musayese n'komwe. Musaitanitse katundu wogulitsa, kaya mesh kaya nsalu, kudzera pa adiresi ya BFPO, chifukwa positi imeneyi saloleza malonda. Musagulitsenso kwa anthu a kunja kwa msasa chilichonse chimene mwagula mopanda msonkho. Zikadziwika, woitanidwa kukayankha ndi bambowo, ndipo zimalowa m'faelo yawo ya ntchito.

Mpamba ukhale wochepa. Bizinesi ya zaka ziwiri siyenera mashelefu odzaza. Gulitsani luso la manja anu, kasitomala azibwera ndi mesh yake kapena nsalu yake, inu muzilipiritsa ntchito. Powerengera mtengo, yambani ndi maola. Tiyerekeze kuluka kumatenga maola asanu ndipo mwaika €12 pa ola: ndi €60, kuphatikizapo €5 ya mafuta, ulusi ndi magetsi, yonse €65. Tengani theka la ndalama pa tsiku lopangana, makamaka pa zosoka. Mabanja ambiri amasamuka m'miyezi yotentha sukulu zikatsekera, choncho kuyambira Meyi musapereke ngongole kwa aliyense, ngakhale mnzanu wa kutchalitchi. Munthu akakwera ndege, ngongole yapita naye. Lembani zolowa ndi zotuluka m'kope tsiku lililonse, ndipo ndalama ya bizinesi ikhale ndi akaunti yake.

Ulendo wa kumudzi ndiwo wodula kwambiri pa zonse mwafunsazi. Alawansi ya ulendo yotchedwa Get You Home amaiwerengera pa mtengo wopita ku UK, osati ku Lilongwe, ndiye funsani kalaliki ngati mungaigwiritse ntchito pa tikiti ya ku Malawi, mukudziwa kuti zotsalazo n'zanu. Palibe ndege yochoka ku Larnaca kapena ku Paphos molunjika ku Malawi. Mumadzera ku Dubai kapena ku Doha, kenako ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, n'kutera ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka. Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse. Mukagula zidutswazidutswa pofuna kutchipa, ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri siikudikirani ndipo sakubwezerani kalikonse. Mukakhala maola opitirira 12 pa bwalo la ndege la Addis Ababa kapena Nairobi, ku Malawi angakufunseni chiphaso cha katemera wa yellow fever. Tiyerekeze tikiti ndi £900 pa munthu: anthu anayi ndi £3,600, ndipo muwonjezere theka la ndalama imeneyo pa mphatso, mafuta a galimoto, mankhwala oteteza ana ku malungo ndi inshulansi ya ulendo. Zonse zikufika £5,400, kapena £300 pa mwezi kwa miyezi 18. Disembala ndi wodula. Ngati tchuthi cha Pasaka chikukwanira, yerekezani mitengo yake. Pobwerera, malamulo a European Union saloleza nyama kapena mkaka m'chikwama, koma nsomba zouma zodya pakhomo, monga usipa, amalola mpaka makilogalamu 20.

Onaninso mapasipoti lero lomwe. Asatsale ndi miyezi yochepera isanu ndi umodzi pa tsiku la ulendo uliwonse, ndipo mukasintha pasipoti muilumikize ku akaunti yanu ya eVisa, viza ya ku UK ya pa intaneti, apo ayi ndege yopita ku UK ingakukaneni pa kauntala. Chidindo chimene akakuikireni chokhalira ku Cyprus si viza ya mayiko ena a ku Ulaya. Anzanu a mapasipoti a Britain akamakwera ndege yotchipa kupita ku Athens, inu mukufunika viza ya Schengen, yomwe kuyambira mu Juni 2024 ndi €90 kwa wamkulu ndi €45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11. Pachilumba pomwepo pali zoona zambiri zosadula: mapiri a Troodos, mabwinja a Kourion omwe ali pafupi ndi Episkopi, ndi magombe aulere. Mukafuna kuwolokera kumpoto kwa chilumbacho ndi galimoto, inshulansi ya kummwera sigwira ntchito, mumagula ina pa chipata.

Nanga apongozi? Athandizeni, koma ndi nambala yodziwika. Mukachotsa ndalama ya mapepala, ya ulendo ndi ya pakhomo, yotsalayo ndiyo muigawe. Bambowo, osati inu, ndiwo awauze amayi awo kuti mwezi uliwonse kuzibwera ndalama yakuti, ndipo nyumbayo imangidwa m'magawo: denga, kenako zitseko ndi mawindo, kenako pulasitala. Ndalama ya zomangira musaitumize kuti ikagone ku Malawi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atasunga ndalama ya simenti m'makwacha anagula matumba ochepa. Sungani m'mapaundi, tumizani sabata yomwe katundu akugulidwa, ndipo ngati n'kotheka lipirani sitolo ya zomangira mwachindunji, risiti ibwere pa WhatsApp. Gwiritsani ntchito njira zovomerezeka zofikira ku banki, ku Airtel Money kapena ku Mpamba, ndipo poyerekeza musayang'ane ndalama yotumizira yokha, yang'anani makwacha amene wolandirayo agwire m'manja.

Funso lina lachokera kwa bambo wina amene ali ku Dhekelia, msasa wina wa asilikali a Britain ku Cyprus: Anandilera ndi amalume anga ku Dedza ndipo akudwala. Zikavuta, a usilikali adzandilipirira ulendo?

Bambo, musadikire kuti zivute. Maulendo a matenda aakulu ndi maliro amayendetsedwa ndi Joint Casualty and Compassionate Centre, yomwe imayankha foni usana ndi usiku, koma malamulo ake amayang'ana makolo, mkazi, ana ndi abale a bere limodzi. Amalume sawerengedwa pokhapokha zitadziwika kuti ndiwo anakhala m'malo mwa makolo anu. Pitani kwa kalaliki sabata ino mukawalembetse pa JPA, kaundula wa pakompyuta wa asilikali, ndi kufotokoza zimenezi, mufunsenso kuti pa ulendo wa ku Malawi boma lingalipire mpaka pati. Tumizani nambala ya foni ya ofesiyo, nambala yanu ya usilikali ndi dzina la gulu lanu kwa m'bale mmodzi wodalirika ku Dedza, chifukwa adzafuna dzina la chipatala ndi la dokotala kuti atsimikize. Kenako sungani padera ndalama ya tikiti imodzi yogula mwadzidzidzi, pamodzi ndi ya bokosi ndi chakudya cha pamaliro, pakuti zimenezo a usilikali salipira.