Za agogo anu a Keyala omwe anapita ku Burma

Achemwali, mwafunsa momwe mungapezere mbiri ya agogo anu aamuna omwe akuti anamenya nkhondo ku Burma, pomwe muli ndi dzina lawo ndi mendulo imodzi yooneka ngati nyenyezi basi. Zimatheka, koma dzina lokha silikufikitsani patali. Alembi a nthawi ija ankalemba momwe amvera, ndipo anyamata ena ankalembetsa usilikali ndi dzina la kumpingo, ena la bambo awo, ena lomwe anthu a kumudzi sankalidziwa n'komwe. Chofunika kusaka ndi nambala yawo ya usilikali. Kwa asilikali a Keyala (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nambala zambiri zimayamba ndi zilembo DN.

Pa menduloyo mwina simuipeza, chifukwa nyenyezi za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ankazipereka zosalembedwa dzina. Komabe werengani mawu ozungulira pakati pake. Ngati palembedwa The Burma Star, n'kutheka kuti anali mu 11th East Africa Division, gulu lomwe linadzera ku Ceylon (Sri Lanka wa lero) mu 1943 n'kukamenyana ndi a Japan m'chigwa cha Kabaw ku Burma nyengo yamvula ya 1944, m'matope ndi malungo, mpaka kumtsinje wa Chindwin. Ikakhala The Africa Star, ganizirani za Somaliland mu 1940 ndi Abyssinia (Ethiopia wa lero) mu 1941.

Ine ndikuti yambirani kumudzi, ndipo musazengereze. Msilikali potuluka ankapatsidwa chikalata chokhala ndi nambala ndi batalioni yake, ndipo madoda ambiri ankachisunga pansi pa sutikesi yachitsulo limodzi ndi zitupa za msonkho. Ngati kwanu ndi kwa chikamwini, musangofunsa ana awo okha. Katundu wa malemu nthawi zambiri ankapita kwa alongo awo kapena kwa mphwawo, kotero sutikesiyo ikhoza kukhala kumudzi komwe simukuganizirako. Khalani pamphasa ndi achikulire otsalawo, foni ikujambula mawu. Afunseni dzina la nyakwawa ya nthawi ija, boma lomwe analembetsera, anzawo omwe ananyamuka nawo, komanso ngati pobwera anapeza njala ya 1949 isanayambe. Nkhalamba siikumbuka chaka, koma njala imaikumbuka bwino.

Mukapeza nambala, pitani ku Zomba. National Archives of Malawi ili komweko, chimodzimodzi Cobbe Barracks komwe kunali kwawo kwa Keyala. Funsaninso ku bungwe la asilikali opuma la VELOM.

Pa intaneti, tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, ndi laulere, koma lili ndi omwe anafera kunkhondo okha. Agogo anu poti anabwerako simuwapezapo, koma anzawo omwe manda awo sadziwika analembedwa pa chipilala cha Rangoon Memorial ku Taukkyan, ku Burma. Ku National Archives ya ku Britain ku Kew, mu London, kuli mabuku omwe batalioni iliyonse inkalemba tsiku ndi tsiku, ndipo a ku Burma ali m'gulu la WO 172. Chimandiwawa n'chakuti maina a asilikali akuda amapezekamo mwa apo ndi apo, pomwe a mabwana achizungu ali ponseponse. Komabe mukadziwa batalioni, mutha kutsata komwe agogo anagona ndi komwe anamenya, sabata ndi sabata.

Jambulani menduloyo mbali zonse ziwiri pamodzi ndi kansalu kake, muike muno tione. Kansalu ka Burma Star ndi kofiira pakati, m'mbali muli buluu wakuda ndi timizere ta olenji.