Ndikufuna kukhala womanga nyumba, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lunzu. Akuti analemba MSCE koma mapointi sanamulole kupita ku yunivesite. Kwa miyezi isanu tsopano wakhala akugwira ganyu yokanda matope pa nyumba ina, ndipo ntchitoyo yamulowa mumtima. Akufunsa ngati ndi bwino apite kusukulu ya ntchito zamanja kapena angokakamira kwa mmisiri amene akumuthandizayo, komanso ngati zomangamanga zingadyetse banja. Makolo ake akuti umisiri ndi wa anthu olephera sukulu.

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyankha pano chifukwa si inu nokha amene muli ndi funso limeneli.

Za sukulu ndisazungulire: pitani, koma musasiye saiti. Kwa mmisiri wanuyo muphunzira kugwira chipande ndi kuyala njerwa mwachangu, koma muphunziranso zolakwa zake zonse osadziwa kuti ndi zolakwa. Amisiri ambiri amene ndagwira nawo ntchito khoma amaliimika bwinobwino, koma mukawapatsa pulani amaitembenuza uku ndi uku ngati kalata ya chinenero china. Kusukulu ndi kumene mukaphunzire kuwerenga pulani ndi kuwerengera zipangizo. Kufupi ndi kwanu kuli Soche Technical College, ku Zomba kuli Nasawa, ndipo kulinso Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, limalengeza likamafuna ophunzira, ndiye muzitchera khutu. Palinso makoleji ang'onoang'ono a m'maboma amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Malo akavuta, kapena fizi ikakanika, njira ina ndi mayeso a boma oyesa luso la umisiri, otchedwa trade test. Pepala limenelo ndi lomwe kontilakita amafunsa asanakuoneni n'komwe mukugwira ntchito.

Pakali pano, pa saiti pomwe mulipo, maso akhale pa zinthu zimene mwininyumba saziona. Tsiku lojambula maziko musapite kotunga madzi, imani pafupi. Onani mmene amakokera chingwe ndi mmene amapezera kona yoongoka: mbali ina mamita 3, ina mamita 4, ndipo mzere wolumikiza nsonga ziwirizo ukwane mamita 5 ndendende. Kona ikaphonyeka tsiku limenelo, kalipentala adzalira nayo pa denga, woika matailosi adzalira nayonso, ndipo onsewo adzatchula dzina lanu. Onaninso ngati pansi pa khoma akuyalapo pulasitiki wakuda woletsa chinyezi. Nyumba zija mumaziona penti ikusupuka m'munsi chaka chilichonse dzinja likafika, kawirikawiri ndi pamenepo panadumphidwa. Konkire nayonso imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu, ndipo imafika pa mphamvu zake zenizeni pakatha masiku 28. Mwininyumba amakhala pa changu, koma konkire simva zimenezo.

Inu a ku Blantyre simufunika kuuzidwa za namondwe wa Freddy. Mu March 2023 tinaona ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche nyumba zikukokoloka ndi anthu omwe. Kumeneko matope ndi miyala zinabwera ndi mphamvu yoti ngakhale nyumba yolimba sikanaima, ndiye phunziro loyamba ndi la malo: mmisiri azitha kunena kuti apa ndi njira ya madzi, ine sindimangapo. Koma m'madera ena makoma anangonyowa n'kugwa chifukwa anamangidwa ndi dothi, maziko osazama, khonde palibe.

Phunziraninso kumanga ndi mabuloko a simenti. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, chifukwa mauvuni atha mitengo. M'makwalalamu njerwa zootcha zikadalipo, inde, koma ntchito za ndalama zikupita ku mabuloko.

Tsopano za kudyetsa banja. Ndalama ilimo, koma chimene chimagwetsa amisiri si khoma lopindika ayi, ndi ndalama yomweyo. Ndikuuzeni zanga. Chakumapeto kwa 2023 ndinagwirizana ndi bambo wina kuti ndimumangire nyumba ya zipinda zitatu pa mtengo umodzi, zipangizo ndigula ndine. Tinangogwirana chanza, osalemba kanthu. Mu November kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nditapita ku hadiweya ndinapeza mitengo ya dzulo lake yafufutidwa, simenti, malata, misomali, zonse. Bambo aja anangoti, "Amisiri, tinapangana kale." Sanalakwe. Nyumbayo ndinaimaliza ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo Khirisimasi ya chaka chimenecho kwathu tinadyera bonya.

Chichokereni apo ndimalipiritsa manja okha, zipangizo agule mwiniwake, ine ndimangomulembera mndandanda. Malipiro timawadula m'magawo: maziko, kufika pa mawindo, kufika pa linto, denga, pulasitala. Gawo likatha, ndalama yake ituluke. Zonse timalemba m'kope, tonse n'kusaina, ngakhale akhale malume anga. Makamaka akakhala malume anga.

Ndipo pali yesero limene mukumana nalo posachedwa, ngati simunakumane nalo kale. Mwininyumba ali ku Johannesburg, amangotumiza ndalama ndi kuona zithunzi pa WhatsApp. Matumba a simenti ali m'manja mwanu. Mnzanu akunong'onezani kuti awiri okha tigulitse, mchenga tiwonjezere, ndani adziwe? Adziwa ndi khoma. Pakatha zaka ziwiri pulasitala amayamba kuyoyoka mukangomukanda ndi chala, ndipo dera lonse limadziwa amene anamanga. Ntchito zanga pafupifupi zonse zimabwera chifukwa wina anaona nyumba n'kufunsa kuti anamanga ndani. Chikwangwani sindinaikepo.

Dziwaninso kuti ntchitoyi ili ndi nyengo. Anthu akakolola n'kugulitsa, foni siipuma. Mvula ikayamba, ndalama zimapita ku feteleza ndi fizi, ndipo January amatalika. Sungani za chilimwe. Mugulenso zida zanu pang'onopang'ono, chipande, levulo, tepi, sikweya, chifukwa wobwereka levulo amakhala wothandiza mpaka kalekale. Za kampani yanuyanu ndi kulembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga zidzabwera mukadzafuna ntchito zikuluzikulu zopikisanirana (ma tender), musathamangire.

Makolo anu musalimbane nawo ndi pakamwa. Mukayamba kuzolowera chingwe ndi levulo, apempheni malo kuseri kwa nyumba muwamangire kakhitchini, kokhala ndi maziko enieni ndi khonde lake. Mukamaliza munditumizire chithunzi cha makona ake, ndione ngati mwapeza mamita 5 aja.