Kulimbikira ndinalimbikira, koma msana unathera m'bafa ku Indiana

Achimwene, inu amene mwafunsa m'gulu lino ngati mugulitse poloti kuti mupeze ndalama ya ulendo poti mwawina DV, lotale ya ma visa odzakhazikika ku America: poloti yanu ya ku Area 49 musagulitse. Ndawerenga makomenti onse amene akukuuzani kuti poti mwawina DV ndiye kuti umphawi watha, kuti kuno ku America munthu akangolimbikira zimatheka basi, ndipo mtima wanga wawawa. Ine kulimbikira ndinalimbikira. Palibe munthu m'gulu lino amene angandiphunzitse kudzuka m'mamawa.

Nditafika ku South Bend, mzinda wa ku Indiana, ndinachita kosi ya CNA, ya othandizira anamwino, monga amachitira Amalawi ambiri kuno, kenaka mayi wina amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi ananditenga ku ejensi yake yosamalira okalamba m'makomo. Mayi wa kwathu ku Africa komweko, wonditchula kuti mwana wanga. Anati andilemba pa 1099, fomu ya msonkho ya makontirakita odziimira paokha, kuti ndalama ndizilandira yonse yosadulidwa msonkho, ndizithandiza bwino kumudzi. Ndinathokoza mpaka kugwada. Ndinkagwira mashifiti awiri motsatizana, kuchoka nyumba iyi kuthamangira ina, nsima kudyera m'galimoto, Khirisimasi ndili pantchito. Ovataimu sindinaionepo, pomwe lamulo la dziko lino limati wantchito akapitirira maola 40 pa sabata azilipidwa kamodzi ndi theka.

Tsono usiku wina mu January. Ndinali kwa agogo ena aamuna amene anachita sitiroko, munthu wamkulu thupi kwambiri. Makina owanyamulira anali atawonongeka kalekale, ndinali nditanena mobwerezabwereza, mayi aja ankangoti tikonza mwana wanga, pirira. Ndikuwachotsa pachimbudzi kuti ndiwakhazike panjinga yawo, mwendo wawo wabwino uja unaterereka. Sindikanawasiya kuti amenyetse mutu pasinki. Ndinawagwira ndi thupi langa lonse, msana unangoti thyoo, tonse awiri pansi. Iwo pamwamba, ine pansi, matailosi ozizira, mkodzo ukulowa mu yunifolomu yanga. Agogo aja akulira ngati mwana, kutchula dzina la mkazi wawo amene anamwalira kale. Mwendo wanga wakumanja sindinkaumvanso. Foni inali patebulo kukhitchini. Ndinadzisolola pang'onopang'ono, kuwaikira thaulo kumutu, kenaka kukwawa ndi zigongono mpaka kukhitchini, ndikulira mokuwa m'Chichewa m'nyumba ya eni, kuitana amayi anga amene ali ku Ntcheu.

Ndinaimbira bwana. Mawu awo oyamba anali akuti ndisaimbe 911, chifukwa ana a agogowo akamva achotsa kontirakiti. Achiwiri anali akuti ndipeze ndekha munthu womalizitsa shifiti. Za mwendo wanga sanafunse. Ndinadula foni n'kuimba 911. Anthu a ambulansi atawanyamula agogo aja anandiyang'ana mmene ndinalili nanena kuti nanenso ndikwere. Ndinakana, chifukwa ndinkadziwa kuti bilu ya ambulansi kuno imatha kupitirira $1,000 ndipo inshulansi ndinalibe. Ndinayendetsa ndekha kupita kuchipatala pakati pa usiku, msewu uli mbuu ndi chipale chofewa, buleki ndikuponda ndi phazi lakumanzere. Ndili pabenchi podikirira dokotala, WhatsApp inalira. Kumudzi kunali kutacha, achimwene anga akukumbutsa za feteleza wobereketsa ndi fizi ya mwana wawo, akuti inu muli ku America achemwali, musatiiwale. Ndinatumiza ndalama ija ndili pabenchi pomwepo, misozi ikugwera pafoni.

Kuchipatala cha mwadzidzidzi sakubweza munthu, lamulo siliwalola, koma bilu imakutsata. Ndipo siibwera imodzi. Ya chipatala payokha, ya dokotala payokha, ya amene anawerenga zithunzi za msana payokhanso, envelopu iliyonse madola mazanamazana, ina masauzande. Nditafunsa za workers' comp, chipukuta misozi cha wovulala pantchito, mayi aja anandiyankha pa meseji kuti ine sindine wantchito wawo, ndine kontirakita, ndizionere ndekha. Sabata yomweyo dzina langa linachoka pa ndandanda ya mashifiti. A Medicaid, inshulansi ya boma ya anthu opeza zochepa, anandiuza kuti wa green card, chiphaso chokhazikikira kuno, ayambe wakwanitsa zaka 5. Pofika April, wokonza za misonkho anandionetsa kuti wa 1099 amalipira yekha 15.3% ya Social Security ndi Medicare, msonkho wa penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala cha okalamba, kuwonjezera pa msonkho wina uja, pomwe wa W-2, wolembedwa ngati wantchito, theka lake amamulipirira ndi abwana. Ndalama yosadulidwa imene ankandinyengerera nayo ija inali ngongole imene ankandiunjikira mwakachetechete. Lendi ndinayamba kulipira ndi kirediti kadi, credit score, mbiri ya mmene umabwezera ngongole, inagwa, ndipo kuno ikagwa ngakhale nyumba ya lendi amakukaniza.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mayi ameneyu amaimabe kutsogolo kutchalitchi kuchitira umboni kuti anabwera ndi chikwama chimodzi, analimbikira, lero ali ndi nyumba ndi magalimoto. Anthu amaombera m'manja. Nyumba imeneyo inamangidwa ndi ovataimu yathu, ndi misana ya atsikana ongofika kumene amene sadziwa kusiyana kwa 1099 ndi W-2 ndipo amaopa kufunsa poti ndi munthu wamkulu. Ankadziwa bwinobwino zimene ankachita. Mzungu akanandichita zimenezi mwina ndikanapirira, koma munthu amene tinkadya naye nsima ndi chigwada pa Sabata, amene ankadziwa kuti ndili ndi amayi odwala kumudzi? Ayi, sindinamukhululukire, ndipo amene mukufuna kundilalikira pansipa musavutike.

Musaganizenso kuti izi zimagwera ife obwera tokha. Ndagwirapo ntchito ndi anthu obadwira konkuno, ena ochokera m'mafakitale a ku Elkhart, a ntchito ziwiriziwiri, amene amagawa mapiritsi pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi. Malipiro otsikitsitsa amene boma limalola akadali $7.25 pa ola kuyambira 2009, ndipo Indiana sinakwezepo kuposa pamenepo. Mphunzitsi wathu wina wa ku koleji anationetsa kafukufuku wa Raj Chetty ndi anzake wa mu 2016: mwa ana obadwa mu 1940, pafupifupi 9 pa 10 alionse anadzapeza ndalama zoposa makolo awo, koma mwa obadwa m'ma 1980 ndi theka lokha. Eni dziko akuvutika kukwera, ndiye wina azikuuzani pa Facebook kuti amene sizikumuyendera ndi waulesi?

Komabe bwerani, achimwene. Sindingakunamizeni, mwayi ngati umenewu suponyedwa. Kungoti dziwani kuti kusankhidwa si visa, ma visa a DV ndi pafupifupi 55,000 pa chaka dziko lonse lapansi ndipo osankhidwa amachuluka kuposa pamenepo, choncho musataye katundu musanadutse ku embassy. Ya tikiti pemphani abale asonkhe, mudzabweza. Mukafika mashifiti tengani onse amene mungapeze, usiku, Loweruka, maholide, zaka zoyambazo musadzimvere chisoni, chifukwa popanda zimenezo simuima. Koma pa W-2 pokha, pamalo pamene pali inshulansi, ngakhale malipiro ake aoneke ochepa. Wina akakutchulirani 1099 pa ntchito imene iyeyo ndiye akukuuzani nthawi yolowera ndi yotulukira, nyamukani, kaya ndi m'busa kaya ndi wa kwanu. Kuli fomu ya IRS, bungwe la misonkho, yotchedwa SS-8 yoti boma liunike ngati munthu alidi kontirakita kapena wantchito, ndipo mukavulala dziwitsani abwana polemba tsiku lomwelo, kuno ku Indiana mlandu wa workers' comp uli ndi malire a zaka 2. Bilu ya chipatala ikabwera musathamangire kirediti kadi, pitani mukafunse fomu ya financial assistance, zipatala zosachita bizinesi zimakakamizidwa kukhala nayo. Ine mbali ina ya ngongole yanga inafafanizidwa choncho.

Ndipo sukulu. Ine nditachira pang'ono ndinalowa ku koleji ya Ivy Tech, usiku ntchito masana kalasi, lero ndine LPN, namwino wa laisensi, ngongole ndikumaliza, amayi ndinawamangira nyumba ya malata. Koma sindingaime nthawi yaitali osamwa mankhwala, ndipo mwana wa mchemwali wanga sindingamubereke kumbuyo. Inu poti ndinu bambo, adzakupatsani odwala onse olemera thupi, adzati ndinu amphamvu. Makina onyamulira akakhala owonongeka, kanani kunyamula nokha, ajambuleni pafoni, tumizani meseji kwa abwana kuti pakhale umboni, ndipo dikirani mpaka abweretse munthu wachiwiri ngakhale akuopsezeni kuti akuchotsani.