Za bambo ako ndi chiliza chija

Eee, mwana wanga, ndamva funso lako. Ndasankha kulankhula, maso anga sakuonanso bwino tizilembo ta pafoni. Wafunsa kuti bambo ako anamwalira bwanji kwenikweni, komanso bwanji mpaka lero manda awo alibe chiliza. Enanu muli pagulupu mumvere limodzi.

Iwe unali ku msana nthawi imeneyo. Achimwene anga, bambo akowo, anaphunzira zaupolisi ku Kanjedza, ku Limbe kuja, kenako anawatumiza cha ku Ntcheu, kumalire. Paja msewu wa M1 pa Lizulu ndiwo malire enieniwo, ukaima pamsika mbali iyi ndi Malawi, kungowoloka phula uli ku Mozambique. Tsono nkhondo ya kumeneko itatha mu 1992, anthu othawa nkhondo anayamba kubwerera kwawo, koma mfuti zambiri zinatsala m'manja mwa anthu wamba. Ma AK47 ankalowa mobisa, ena m'matumba a makala, ena pansi pa mbatatesi. Mbava zomwe kale zinkayenda ndi zikwanje zinayamba kuyenda ndi mfuti. Apolisi athu ambiri anali ndi zibonga ndi mfuti zakale zija za 303, zokoka kamodzi n'kuwomba kamodzi. Taganiza wekha.

Usiku umenewo kunabwera munthu wothamanga, wopanda ndi nsapato zomwe, kudzanena kuti achifwamba athyola golosale ndipo akumenya mwini wake ndi mkazi wake. Galimoto panalibe. Bambo ako ananyamuka wapansi ndi mnzawo mmodzi, tochi kumanja. Mnzawoyo ndi amene anadzatifotokozera pamaliro, akulira ngati mwana. Akuti atafika pafupi, achimwene anafuula kuti “Polisi!” kuti mbavazo zisiye anthu aja. Zinasiyadi, koma zinawomba kumene kunkachokera kuwala kwa tochi. Anamwalira asanafike nawo kuchipatala. Banja la pagolosale lija linapulumuka lonse, ndipo mkazi wa mwini golosale uja anabwera kumaliro atasenza ufa pamutu, nkhope ili yotupa.

Ndiye amene anakuuza kuti bambo ako anafa chifukwa chosasamala, ameneyo sakudziwa kanthu. Zimandiwawa kwambiri mawu amenewo. Akanatha kudikira kuti kuche, palibe akanawadzudzula. Sanadikire.

Ine uthenga ndinaumva pa wailesi ya MBC, pa mauthenga achisoni, ndikupeta mphale pakhonde. Lichero linagwa, nkhuku n'kumadya, ine osaona. Bokosi linabwera pa Land Rover litakutidwa ndi mbendera, chipewa chawo chili pamwamba. Chipewacho ndili nacho mpaka pano m'sutikesi, pamodzi ndi kaburashi kamene ankapukutira nsapato. Aa, munthu uja ndi nsapato zake! Madzulo aliwonse pampando, Kiwi pambali, kupukuta mpaka udziwonemo nkhope. Iwe ankakukhazika pamwendo uku akupukuta, n'kumakupaka kadontho ka polishi pamphuno kuti amayi ako akalipe.

Za chiliza, mlandu ndi wathu ife akuluakulu, sindibisa. Mayi ako anatuluka m'nyumba ya kulayini ali ndi ana atatu, ndipo kandalama kamene kanabwera kanathera pa fizi ndi chakudya chanu. Tinkati chaka chamawa, chaka chamawa, kenako njala ya 2002, kenako maliro ena. Mtanda wathabwa uja chiswe chinadya kalekale. Koma malowo ndikuwadziwa bwinobwino, ali kumunsi kwa mtengo wa msuku, pafupi ndi agogo ako aakazi.

Tichite chonchi. Tikakolola, mvula itasiya, ndikapita kwa amfumu kukapempha kuti tilowe kumanda. Inu a m'tauni ndi a ku Joni sonkhani ya simenti ndi mwala wolembapo, ife kuno tiumba njerwa ndi kuphika thobwa. Nambala yawo yaupolisi ili pa kapepala m'sutikesi momwemo, ndikufuna ilembedwe pansi pa dzina. Ukabwera udzatenge chipewacho, n'chako. Foni ikutha moto, upereke moni kwa apongozi ndi ana.