Zimenezo si nsabwe achimwene, musamvere a m'shopu

Achimwene, ndaona chithunzi mwatumiza pofunsa chimene chagwira nkhaka zanu. Ufa woyera uli pa masambawo si fumbi, komanso si nsabwe monga ena akunenera m'makomentimu. Ndi matenda a chuku, pa mapaketi a mankhwala amalemba kuti powdery mildew. Pukutani ndi chala muone, uchoka, koma posakhalitsa wabwereranso. Amayambira masamba akale a m'munsi, a pamthunzi, timadontho toyera apa ndi apo, kenako tsamba lonse mbuu! Akanakhala madontho achikasu pamwamba, kunsi kwa tsamba kuli kaubweya kotuwa, ameneyo ndi downy mildew, wokonda chinyezi cha mvula, mankhwala akenso ndi ena. Wanuyu safuna mvula, amasangalala ndi chilimwe chomwechi, masana kouma usiku mame, ndipo amayenda ndi mphepo.

Ine mtima ukundiwawabe. Ndinalima nkhaka dimba lonse ku Salima ndi ngongole ya banki mkhonde. Nditaona zoyerazo ndinathyola tsamba n'kupita nalo kwa wogulitsa mankhwala pa tauni pathu. Munthuyo sanaligwire n'komwe, maso ali pa foni, akuti "ndi tizilombo timeneto bwana, tengani cypermethrin." Mankhwala ophera tizilombo pa matenda a chuku! Ndinapopera, ndinapoperanso, fungo lokhalokha, njuchi zinasiya kubwera pa maluwa, ufa uja ukungokwera. Nditabwerera kukadandaula akuti nthaka yatopa, onjezerani urea. Urea ameneyo ndiye anatulutsa masamba anthete, chakudya chenicheni cha matendawa.

Tsiku limene mayi amene tinagwirizana kuti adzapikula anafika ndi madengu awo sindidzaliiwala. Masamba onse anali atauma, ukaponda m'mizere akungoti khwakhwakhwa. Nkhaka zili pamtetete, dzuwa la Okutobala litaziwaula mbali imodzi, zina zokhota, zina zazing'ono ngati chala. Mayiwo anatola imodzi, anaipukuta pa chitenje, kuluma, nthawi yomweyo kulavula. "Pepani bambo, izi ndikagulitsa kwa ndani?" Ananyamula madengu opanda kanthu, mkazi wanga ataima apo ndi khasu osayankhula, pomwe Lachisanu kugulu akufuna ndalama yawo. Wa m'shopu uja mpaka lero akugulitsabe, akundipatsa moni ngati palibe chinachitika. Anthu amenewa amangofuna katundu achoke pa shelefu, zoti munthu wakongola alibe nazo ntchito.

Ndiye chitani izi lero lomwe. Thyolani masamba oyereratuwo, muike m'thumba pomwepo kuti ufa usauluke, mukakwirire kutali ndi dimba. Osathyola onse, zipatso zimafuna mthunzi. Kenako pitani ku shopu komweko, kulibe kwina, koma mukanene nokha kuti mukufuna sulphur wosungunula m'madzi, asakusankhireni. Akakupatsani Dithane dziwani kuti pa matenda awa mphamvu yake ndi yochepa. Muyezo tsatirani wa pa paketi, mupopere madzulo kapena m'mamawa, pamwamba ndi kunsi kwa tsamba. Kukatentha kupitirira madigiri 30 sulphur amawotcha masamba a nkhaka, yambani mwayesa pa mbewu zochepa. Osamusakaniza ndi mankhwala a mafuta monga a nimu.

Ngati thumba silikulola, mkaka gawo 1 ku madzi magawo 9, sabata iliyonse, umathandiza matenda akangoyamba kumene. Ine ndinauyesa zitafika kale poipa, sunaphule kanthu, komabe yesani, zanuzo pachithunzipo masamba a kunsonga akadali obiriwira. Tsamba loyera kale silichira, mukuteteza atsopanowo. Urea muyambe mwasiya.

Ndipo yang'anani maungu kapena mavwende ngati alipo pafupi, ngakhale a neba. Matendawa ndi amodzi, mukapopera nkhaka zokha mphepo idzawabweretsanso kuchokera kumeneko.