Nsidze za kasitomala zapiringizika titachita lash lift: ndipakenso mankhwala?

Mchemwali wina amene wangoyamba kumene ntchito ya m'saluni wanditumizira imelo. Akuti anachita lash lift (kupinda nsidze za m'chikope ndi mankhwala kuti ziloze m'mwamba), koma atachotsa shield (kachipangizo kofewa koika pachikope, komwe timamatapo nsidze ndi guluu) anapeza nsidze zapiringizika kunsonga, zina zapingasana, zina zauma ngati zawauka. Kasitomala wakhumudwa ndipo akufuna abwerenso mawa kuti adzamukonze. Funso lake ndi lakuti: "Ndimupakenso mankhwala oyamba aja kuti nsidzezo ziwongoke?"

Achemwali, musapakenso. Ndikudziwa kuti mtima uli m'mwamba ndipo mukufuna kasitomala asathawe, koma mankhwala omwe awononga nsidzezo sangazikonzenso mawa.

Nsidze ya m'chikope ndi keratin, ngati tsitsi la kumutu, ndipo chimene chimaigwira kuti iime mmene imaimira ndi timaunyolo ta sulfure tomwe tili mkati mwake. Mankhwala oyamba, omwe nthawi zambiri amakhala ndi ammonium thioglycolate kapena cysteamine, ntchito yake ndi kudula timaunyoloto kuti nsidze ifewe n'kulola kupindika. Achiwiri, okhala ndi hydrogen peroxide kapena sodium bromate, amatilumikizanso nsidze ili chigonere pa shield. Ndi pemu yomwe ija, kungoti ikuchitikira pa tsitsi lopyapyala kwambiri, pafupi ndi diso. Nsidze ikapiringizika n'kuuma, ndiye kuti timaunyolo tambiri taduka moti sitinabwererenso. Mukapakanso mankhwala oyamba mudzadula totsalato, ndipo nsidze zidzayamba kuthothoka chapakati.

Alipo akatswiri amene amatsitsa nsidze zomwe zakwera mopitirira, pogwiritsa ntchito mankhwala ofewa kwa mphindi zochepa. Zimenezo zimatheka nsidze zikakhala zamoyo, zonyezimira, zangopindika kwambiri basi. Zomwe mwafotokozazi ndi zopsa.

Ndiye mumuuze chiyani kasitomalayo? Muuzeni zoona, kuti nsidze zapsa ndi mankhwala ndipo zimera zina. Lash lift imatha pakadutsa masabata 6 mpaka 8 chifukwa nsidze zakale zimayoyoka pang'onopang'ono n'kumera zatsopano, ndipo zowonongekazi zichoka momwemonso. Mupatseni mafuta kapena seramu yofewetsa nsidze ndi kaburashi koti azipesera m'mawa ndi madzulo. Asazipinde ndi kachipani kopindira nsidze kaja, asapake mascara yosachoka ndi madzi, ndipo inunso musamumate nsidze zoikirira pamwamba pa zopsazo, zingathothoke nazo. Ine ndimaona kuti ndi bwino kumubwezera ndalama yake, kusiyana ndi kumulonjeza zomwe mankhwala sangachite.

Tsopano tione pomwe padalakwika, chifukwa mawa kudzabwera wina.

Kupiringizika kwa kunsonga kumandiuza kuti mankhwala oyamba anafika pomwe sayenera kufika. Nsonga ndi yopyapyala kuposa tsinde, imapsa msanga. Mankhwala amayambira pamwamba pang'ono pa tsinde, kusiya milimita imodzi kapena awiri kuti asakhudze khungu, n'kulekezera chapakati pa nsidze. Pochotsa, tengani kathonje kouma muzipukuta mosamala, osawakokera kunsonga. Ambiri amapaka bwino koma n'kuwamwaza okha pochotsa.

Nanga nthawi, munaiyeza ndi chiyani? Ikani alamu pa foni diso lililonse palokha, chifukwa diso limene mwayamba nalo limakhala litatsogola. Mphindi zolembedwa pa paketi ndi zomwe muyenera kutsatira, poti mankhwala amasiyana mphamvu, koma pakati pa mphindi zochepa ndi zambiri zimene alembazo, amene amasankha ndi inu mutayang'ana nsidze. Zopyapyala, zosalimba, kapena zomwe zinapakidwa mankhwala posachedwa zimafuna nthawi yochepa. Zonenepa ndi zoloza pansi zimafuna yambiri. Nthawi ikamayandikira, tukulani nsidze imodzi kapena ziwiri ndi kachida kanu koyalira nsidze. Zikagona zokha pa shield osabwerera, zakwana.

Koma gawo limene ndikufuna mulitengere mtima ndi kuyala. Nsidze zopingasana sizibwera ndi mankhwala, zimabwera ndi manja. Mmene mwaziyalira pa shield ndi mmene zidzatulukire, chifukwa mankhwala achiwiri amangokhomera chilichonse chomwe apeza. Shield ikhale pafupi ndi tsinde la nsidze kuyambira kumphuno mpaka kungodya yakunja, osasiya mpata. Guluu akhale wochepa, kagawo kakang'ono nthawi imodzi. Akachuluka amatchinga mankhwala, mbali ina imakwera ina osakwera. Kokani nsidze iliyonse kuchokera kutsinde, ilunjike m'mwamba, italikirane ndi inzake mofanana. Mukamaliza, imani kumutu kwa kasitomala muyang'ane, kenaka muzungulire muyang'anenso cha kutsogolo, nyali ili pafupi. Mudzaona tinsidze tating'ono tomwe tangomera kumene titabisala pansi pa zazitali. Timeneti tilekanitseni modekha, osatikakamiza. Ndipo onetsetsani kuti nsidze za m'munsi zaphimbidwa zonse, chifukwa imodzi ikakwera nawo imapindikira kudiso n'kumalasa. Kuyala kumadya nthawi kuposa gawo lina lililonse, ndipo kasitomala akamafulumira ndi bwino kumupatsa tsiku lina.

Kukula kwa shield nakonso n'kofunika. Yaing'ono imakweza kwambiri, ndipo pa nsidze zazitali imachititsa nsonga kubwerera n'kukhudza chikope. Yesani musanamate: nsidze zifike cha pamwamba pa shield koma zisapitirire.

Simunandiuze ngati munapakanso utoto, koma poti ambiri amatero, ndinenepo. Utoto wambiri wa nsidze umakhala ndi PPD, mankhwala amene anthu ena thupi lawo siligwirizana nawo. Ku America m'chaka cha 1933, utoto wotchedwa Lash Lure unachititsa khungu amayi angapo, ndipo nkhaniyi inathandiza kuti mu 1938 dzikolo likhazikitse lamulo loyang'anira zodzoladzola. N'chifukwa chake timayesa kaye pakhungu, kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono, maola 24 mpaka 48 tsiku la ntchito lisanafike, ndipo timayesa zonse: utoto, guluu ndi mankhwala. Wobwera ndi maso ofiira, kachithupsa pachikope, kapena amene wachitidwa opaleshoni ya maso posachedwa, mubwezeni. Wovala ma contact lens avule kaye. Mankhwala akalowa m'diso, siyani zonse, tsukani ndi madzi oyera kapena saline (madzi a kuchipatala otsukira m'maso) kwa mphindi 15, ndipo ululu ukapitirira apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kasitomala wanuyo mumulembere pa khadi lake shield imene munagwiritsa ntchito, mtundu wa mankhwala ndi mphindi zake. Akadzabwera masabata 8 atatha, nsidze zitamera bwino, mudzachepetse nthawi ndipo mudzatenge shield yokulirapo.